Mabatani Opanda Mayina

Lolemba, 8 Juni

Adokotala a maso sanazungulire. Diso lakumanzere lapita, langotsala ndi kuwala. Lakumanja likutsatira, likutseka kuyambira m'mbali, n'chifukwa chake masiku ano ndimaona ngati munthu wosuzumira pa bowo la kiyi. Ndawafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. Ati, "Mwina chaka, mayi, mwina sichikwana. Mankhwalawa angochedwetsa chabe." Ine n'kuthokoza. Munthu kuthokoza ngati andipatsa mphatso!

Kuchoka kuchipatala ndapita kuntchito ngati palibe chachitika. Kumeneko ndinawauza kuti ndikukachotsa dzino. Chipewa, mnzathu amene amajambula maonekedwe a pulogalamu yathu, wandifunsa kuti nanga bwanji tsaya silinatupe. Ndati ndine wa magazi abwino.

Akudziwa ndi amuna anga okha. Kuofesi sindiuza munthu. Ndani angasunge wolemba mapulogalamu wosaona? Ntchito imeneyi ndinaivutikira, ndimaikonda, ndipo ina sindiidziwa. Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 9 Juni

Kamuvi ka mausi kandisowa kangapo lero. Kamathawira m'mbali mwa sikirini, kumene diso langa silifika, ndiye ndimagwedeza mausi ngati ndikupeta mpaka katulukire.

Nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka, ndavala mahedifoni n'kutsegula pulogalamu ija imene imawerengera anthu osaona zimene zili pasikirini. Mawu ake ndi a mzimayi wosapuma, ndiye ndawatcha Mayi Longolola. Ndatsinzina, mausi ndaikankhira kutali, ndayesa kuyenda m'pulogalamu yathu ndi kiyibodi yokha, kumadina Tabu kuti ndichoke pa batani lina kupita pa lina.

Pulogalamu yathuyi ndi yogawirana ntchito m'maofesi. Timagulitsa kwa ena, koma ifenso timadyera momwemo. Ntchito iliyonse imene abwana andipatsa imabwerera mmenemo, ndikamaliza ndimaibwezera mmenemonso. Ngati sinditha kuyendamo popanda maso, basi, kwanga kwatha.

Mayi Longolola ati, "Batani. Batani. Chithunzi. Batani." Zokhazo. Lotumizira uthenga ndi batani, lofufutira ntchito yonse ndi bataninso. Oona amasiyanitsa chifukwa pena pali kandege ka pepala, pena pali kabini ka zinyalala. Tizithunzi take n'tokongola ndithu, Chipewa anatijambula ndi mtima wonse, koma kuseri kwake kulibe dzina loti mawuwo awerenge. Ndafika pa kalendala yosankhira tsiku, kulowa ndalowa, kutuluka kwakanika. Tabu amangozungulira momwemo ngati ntchentche m'botolo. Ndatsegula maso, ndalira pang'ono, kenako ndadya buledi wanga.

Lachinayi, 11 Juni

Ndalowa muofesi ya abwana kukapempha nthawi yokonza mabatani. Abwana athu salankhula, amafuula. Akakondwa amafuula, akapsa mtima amafuula, moti mlendo angaganize kuti tikumenyana. Ine ndimawakonda choncho, chifukwa ntchito zovuta zonse amaponyera ine, amvekere, "Apatseni mayiwa, sagonja amenewa!" Mwezi uno andipatsa mbali yatsopano ya malipoti, imene kasitomala wathu wamkulu akuidikira.

Ndafotokoza zonse: kupatsa batani lililonse dzina, kukonza kuti Tabu aziyenda mwadongosolo, kutsegula khomo la kalendala ija. Ati, "Kasitomala wake uti wapempha zimenezo? Chifundo n'chabwino, mayi, koma malipoti ndiwo atipatse malipiro. Chitani pa nthawi yanu, bola malipoti asachedwe."

Ndati zikomo, bwana. Pakamwa panali mawu ena, ndawameza.

Madzulo ndakangana ndi Chipewa. Pali kamzere kamene kamazungulira batani limene Tabu waimapo, kuti woyenda ndi kiyibodi adziwe pamene ali. Iye anakachotsa kalekale ati kamanyansa. Ine ndakabwezeretsa, ndakanenepetsa kumene. Wayang'ana, wagwira chipewa chake chija chimene savula ngakhale kutenthe bwanji, wati, "Achemwali, mwandipakira mabatani anga ngati mlomo wa munthu wodzola mumdima." Ndaseka mpaka misozi. Wadabwa kuti nthabwala yake yandikomera chonchi.

Loweruka, 13 Juni

Ndagunda chitseko cha kabati ndi chipumi. Chinali chotsegula, kumanzere kwanga. Nyumba yanga yomwe, khitchini yanga yomwe.

Amuna anga abwera ndi kansalu konyowa. Akundipukuta, ati, "Auzeni kuntchito, mayi. Chobisa chimaola." Ndawakalipira kuti iwo sadziwa maofesi, kuti kugalaja kwawo munthu akathyoka mwendo anzake amamusungira malo, koma kwathu mpando ukazizira tsiku limodzi wina wakhalapo. Masana ndawaona akuyendera nyumba yonse mwakachetechete, kutseka zitseko za makabati, kukankhira mipando pansi pa tebulo, kuchotsa nsapato pakhonde. Akuganiza kuti sindinaone.

Titadya ndawayang'anitsitsa nkhope. Pafupi ndi khutu lakumanja ali ndi kachipsera kamene sindinakaonepo zaka zonsezi. Ati, "Mukundiyang'ana bwanji ngati ndaba?" Ndati ndikukuwerengani imvi.

Lolemba, 15 Juni

Kutcha mayina si masewera. Kabini ka zinyalala n'kosavuta: "Fufutani ntchito iyi." Nanga timadontho titatu tija ta pakona, timene ukatidina pamatuluka zinthu zosiyanasiyana? Ndayamba ndi "Zina." Zina ziti? Ndasintha: "Zina zochita ndi ntchito iyi." Latalika, koma munthu adziwa chimene akudina.

Kalendala yatseguka. Tsopano mivi ya pa kiyibodi imayenda m'masiku, Tabu amakutulutsa panja. Ndalowa ndi kutuluka kangapo, kungosangalala ngati mwana pa chitseko chatsopano.

Malipoti nawonso akuyenda. Ndikusenza mitolo iwiri, mutu ndi umodzi.

Lachiwiri, 16 Juni

Mutu kuwawa tsiku lonse. Zilembo ndazikulitsanso.

Lachitatu, 17 Juni

Lero kunabwera aphunzitsi a makompyuta a kusukulu ya osaona. Ndinawaimbira ndekha sabata yatha kuwapempha kuti adzayese zimene ndakonzazi. Bambo wamkulu ndithu, wa jekete yositidwa bwino, wosaona chibadwire. Akhala pampando wanga, manja pa kiyibodi, awathamangitsa Mayi Longolola mpaka mawu kumangomveka ngati mvula padenga la malata. Ine osatolapo kanthu. Ati, "Musadandaule, khutu limakula."

Ayamikira kalendala. Koma apeza zambiri zimene ndinaphonya. Ukadina "Fufutani" pamatuluka kabokosi kofunsa ngati ukutsimikiza, koma Tabu amatsalira kumbuyo kwake, osalowamo. Ati, "Apa ndiye muli ngati munthu wandifunsa funso n'kunditsekera panja." Chipewa anaima kumbuyo kwathu, manja m'thumba. Kenako watenga pepala n'kuyamba kulemba.

Ndawaperekeza mpaka pamasitepe. Tili awiri, aima, ati motsitsa mawu, "Mayi, anthu oona akamandisonyeza pulogalamu amangoti dinani apa, pitani apo. Inu m'mawa wonse simunanenepo apa. Zakuyambani liti?"

Ndawauza zonse, pomwepo pamasitepe, anthu akudutsa. Ndawafunsa ngati kuntchito adzandisunga. Ati, "Sindikunamizani. Ena amasungidwa, ena ayi. Koma ntchito yokhayo mudzaitha, chimenecho ndikutsimikiza." Andigwira dzanja nthawi yaitali. Potsika andiuza kuti ndisamale, sitepe yomaliza ndi yaifupi kuposa zinzake.

Lachinayi, 18 Juni

Ndikutsuka kapu m'kakhitchini ka kuofesi ndamva atsikana a ku akaunti akulankhula kuseri kwa chitseko. Wina ati, "Mayi aja ayamba matama. Dzulo ndawakwezera dzanja, angondidutsa ngati mtengo." Mnzake ati, "Si paja ndi okondedwa a bwana."

Sindinamuone, mwana wa eni ake. Anali kumbali.

Mawa tikuonetsa malipoti kwa abwana tisanapite nawo kwa kasitomala.

Lachisanu, 19 Juni

Zatheka. Osati mmene ndinkafunira.

M'chipinda cha misonkhano anatseka makatani n'kuzimitsa magetsi kuti chithunzi chioneke bwino pakhoma. Mdima ndiye mdani wanga wamkulu. Ndinayamba bwinobwino, ndikuyenda ndi kiyibodi, palibe anazindikira kanthu. Kenako abwana ati, "Tatengani mausiyo, mukokere mzere wa mwezi wathawo pansi, tione." Ndagwira mausi. Kamuvi osaoneka. Ndagwedeza, ndagwedezanso. Chipinda chonse chikudikira ine.

Abwana afuula mwa nthawi zonse, "Si ako apo pakona! Kodi simukuona?"

Ndati, "Sindikuona, bwana."

Ena aseka, kuganiza kuti ndi nthabwala. Ndabwereza. Ndawauza za adokotala, za diso lakumanzere, za chaka chimene mwina sichikwana. Kenako ndachotsa mahedifoni m'kompyuta kuti aliyense amve, ndatsegula Mayi Longolola, ndati taonani. Ndayenda m'pulogalamu yonse, batani lililonse likutchula dzina lake. Ndatsegula ntchito, ndasankha tsiku pa kalendala, ndatulutsa lipoti, ndatumiza. Mzere uja ndautsitsa ndi mivi ya pa kiyibodi. Ndati, "Ntchito nditha kugwira, bwana. Mwaona nokha. Chonde musandichotse."

Sindinaganizepo kuti ndingadzapemphe chonchi pamaso pa anthu.

Abwana analankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo chilowere pakampani pano. "Pepani kwambiri, mayi. Pepani. Pitani kunyumba mukapume." Ndikanakonda akanandikalipira. Potuluka Chipewa anandigwira pachigongono kundilondolera kukhomo. Khomolo ndinkaliona. Koma ndinangomulola.

Lamulungu, 21 Juni

Amuna anga akuti tsopano mtima upepuka poti ndanena. Sunapepuke. Andisitira diresi la mawa, ntchito imene sanaigwirepo, mpaka aotcha pang'ono kumpendero.

Lolemba, 22 Juni

Ndikulemba ndili padesiki pompano, chifukwa ndikapanda kulemba ndikuwa.

M'mawa aliyense wandipatsa moni, mokweza, motchula liwu limodzilimodzi, ngati matendawa alowa m'makutu. Mtsikana wa ku akaunti uja wandibweretsera tiyi n'kundigwiritsa kapu m'manja. Zingwe zimene zinkangoti mbwee pansi zaka zonsezi zamangidwa. Ndi anthu abwino, sindikukana. Abwana adutsa kumbuyo kwanga, ati, "Mwadzuka bwanji, mayi?" monong'ona ngati pamaliro, n'kulowa muofesi mwawo, chitseko n'kutseka.

Ndati ndisaganize zambiri, ndigwire ntchito. Chinali chitatsala n'chimodzi chimene aphunzitsi ananena: timauthenga timene timatulukira pakona ya sikirini n'kuzimiririka. Mayi Longolola sankatiwerenga, moti wosaona sakanadziwa kuti chinachake chasintha. Ndalimbana nato m'mawa wonse. Pansi pa uthenga uliwonse pali timabatani tiwiri, kena ka chizindikiro chochonga, kena ka kamuvi kopindika, ndipo ndatipatsa mayina. Chipewa wanditumizira uthenga woyesera kuchokera padesiki pake. Mawu adumphira m'khutu: "Uthenga watsopano. Achemwali, kamzere kanu kaja ndayamba kukazolowera." Tawombana m'manja. Ndatumiza zokonzazo kuti ofesi yonse izigwiritsa ntchito, ndabwerera ku malipoti anga. Kwatsala pang'ono kuti athe.

Titabwera ku nkhomaliro, ndili pakati polemba, Mayi Longolola andidula.

"Uthenga watsopano, wochokera kwa abwana. Ntchito ya malipoti yachotsedwa kwa inu, yapatsidwa kwa wina."

Ndisanapume, winanso. "Ntchito yokonza tsamba lolowera yachotsedwa kwa inu." Winanso. Winanso. Womaliza ndi mawu a abwana eni ake: "Kuti mupepukidwe, mayi. Tikambirana zinthu zikakhala bwino."

Mayi Longolola awerenga bwino kwambiri, palibe liwu limene aphonya. Ntchito yanga ya m'mawa yagwira.

Ofesi ya abwana ili pomwepa, munthu akatsokomola mkatimo ndimamva. Sanatuluke. Anzanga onse mitu ili pansi, makiyibodi akungolira. Ndatsegula tsamba la ntchito zanga kuti ndimve chimene chatsala, Mayi Longolola ati, "Palibe ntchito."

Ndabwerera pa uthenga uja, ndadina Tabu. "Vomerezani, batani." Ndakhala pamenepo nthawi yaitali. Ndadinanso Tabu. "Yankhani, batani."

Chala chili pa Enta, ndikangodina malo olembapo yankho atseguka. Ndikudikira kuti misozi iyambe yauma.