Nyimbo ya Macheka Yabooka Pakati

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni, inu ndi onse a pakhomo panu. Kodi mwendo uja ukukuvutanibe? Mwana wanu wamkulu atandiimbira anati mwayamba kuyenda opanda ndodo, koma ameneyo ndimamudziwa, amakometsa nkhani kuti amalume ake asadandaule. Ine kuno ndikudya, ndikugona, msana ndi womwe uja wa anthu osoka nsapato. Chimene chandivuta chili pena, ndipo n'chifukwa chake ndasankha pepala. Foni ya kwanuko mumaiika pa sipika, nkhuku zomwe zimamva nawo. Komanso ine pa foni ndimangochita nthabwala, mukundidziwa.

Munamva kuti mlongo wanu akujambula chimbale. Sanakunamizeni ayi. Nkhalamba ya mano osakwana, chimbale choyamba! Zinayamba ndi mvula. Anthu anaunjikana pakhonde la sitolo pamene ndimasokera, ine n'kumaimba pansipansi ndikukoka ulusi. Mvula itakata onse anabalalika, kutsala bambo mmodzi wa kandevu kosongoka, gitala ili kumsana. Anafunsa kuti nyimboyo ndi ya ndani. Ndinati ya abambo anga, ankaimba pocheka matabwa, zina n'zopeka ndekha. Anafunsa ngati zilipo zambiri. Ndinamuuza kuti akhale pa benchi tione amene ayambe kumva njala. Anayamba ndi iyeyo.

Kandevu ameneyu ali ndi mnzake womenya ng'oma, chimunthu chachikulu choseka ndi mimba. Akhala akuimba nyimbo za eni ake m'mahotela zaka zambirimbiri, anthu akutafuna nyama osawayang'ana n'komwe. Ndiye chimbalechi n'choyamba kwa iwonso. Kandevu anachita kusiya ntchito ya kuhotela kuti azipezeka pojambula, mkazi wake mpaka lero sandipatsa moni wathunthu.

Situdiyo yake ili pamwamba pa shopu ya matayala. Umakwera masitepe opanikiza, fungo la labala likukuperekeza. Mwini wake ndi mayi wina wosalankhulalankhula, timawatchula Amagalasi chifukwa akafuna kukumvetsa bwino amatsitsira magalasi pamphuno. Pakhoma la chipinda chachikulu anakhomapo zikuto za zimbale kuyambira pansi mpaka kudenga, zoyamba zokhazokha, chachiwiri salola. Pali cha anyamata apachibale atakwera lole yopanda matayala, cha mayi atafulatira kamera, china chongojambulapo mpando. Nthawi ya tiyi ndiye mkangano wake! Kandevu amati palibe choposa cha anyamata a pa lole. Wang'oma amati amenewo ankaimba ngati akuthamangitsidwa ndi agalu, chenicheni n'cha mayi wofulatira. Kandevu n'kumuuza kuti munthu womenya zikopa asamalowerere nkhani za nyimbo. Amagalasi amawasiya atope, kenako amanena zawo zija. Ati chimbale choyamba chimaposa zinzake chifukwa munthu amabwera ndi zonse zimene wasenza chibadwire, pomwe chachiwiri amangobwera ndi zimene watola m'chaka chimodzi. Ndiye amandiloza ine ndi supuni, ati taonani katundu wa madala awa, wa zaka zonsezi, osatulapo n'kamodzi komwe. Onse amaseka, inenso ndimaseka. Koma ndine ndekha amene ndikudziwa kuti thumba la katunduyo labooka.

Ndifotokoze bwinobwino, musandithamangitse.

Kachipinda koimbiramo n'kofanana ndi kabati ya zovala, makoma ake omata masiponji, moti ukatsokomola mawu amafera pomwepo. Amakuveka zomvera m'makutu, n'kutseka chitseko cholemera. Anzako umangowaona pagalasi akuyendetsa milomo ngati nsomba. Kakayaka kanyali kofiira, uyambe. Wovomera palibe. Achemwali, ine chiyambire sindinaimbepo popanda wondivomera. Tili ana munali inu, pakhonde pamakhala makasitomala, ngakhale woledzera wodutsa amaponyako mawu. Choncho zitayamba kundichitikira ndinkati vuto ndi kabatiko.

Mukuikumbukira nyimbo ya macheka, yaitali ija. Abambo pamwamba pa chipika, mnzawo uja tinkawatcha Apansi ali m'dzenje, utuchi uli mbuu m'mutu. Tsiku limene chipika chinagubuduka n'kuwapsinja Apansi m'chiuno, abambo n'kuwamangirira pa thabwa, n'kuyamba kuwakoka kupita nawo kuchipatala, mpaka kukapeza mtsinje utadzaza. Ndikukukumbutsani dala kuti muone pamene ndikufika. Ndinaimba bwinobwino, macheka akupita n'kubwera m'mutu mwanga, ndinafika nawo abambo m'mphepete mwa madzi. Pamenepo m'mutu munangoti zii. Sikunali kuiwala kuja mawu amakhala kunsonga ya lilime. Kunali ngati watsegula chitseko cha chipinda chako n'kupeza kuseri kwake kulibe chipinda. Kanyali kakuyaka, gitala ikulira. Pakamwa panga, poti panazolowera, panangopitiriza pokha. Ndinaimba za mphepo, za mbalame zouluka chammunsi, za malaya a abambo onyowa. Zopeka pomwepo.

Nditatuluka wang'oma anandinyamula m'mwamba ngati thumba la makala. Kandevu anati ichi ndicho chimene samaphunzitsa kusukulu, madala awa saimba nyimbo imodzi kawiri mofanana. Mawa lake ndinayesanso, dzenje lili pomwe paja, ndinalikwirira ndi zina. Iwo m'manja phwaphwaphwa. Mwaona msampha wake? Moyo wanga wonse ndakhala wokometsera, wopotoza ndime kuti mwini nsapato aseke, ndipo anthu amandidziwa choncho. Lero ndikamata chigamba pobooka, iwo akuona luso. Palibe ngakhale mmodzi kuno amene anawamvapo abambo akuimba. Ndingaimbe bodza lililonse, lidzalowa m'chimbale, ndipo lidzakhala loona mpaka kalekale.

Ndikanapirira zikanathera m'kabati muja. Koma sabata ina masana, dzuwa lili pamutu, ndikuchokera kusitudiyo, ndinaima pa mphambano ya pafupi ndi ometa tsitsi osadziwa kolowera. Msewu umene ndauyenda mpaka miyala yake ndimaidziwa! Nyumba zonse zinali ngati azisintha malo. Ndinagwira mtengo wa magetsi ngati ndikuchotsa kamwala mu nsapato, kuopa kuti anthu angandizindikire. Kufunsa njira ndinachita manyazi, ndipo ndikanafunsa ya kuti? Mwamwayi panadutsa mayi wina atanyamula dengu, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona msoko wanga pa chidendene cha nsapato yake, ulusi wopingasa uja ndimachita ine ndekha. Ndinati ameneyu ndi wa kufupi ndi kwathu. Ndinamutsatira chapatali ngati wakuba mpaka ndinaona khonde langa. 

Chachitatu ndicho chimandiimitsa tsitsi. Amagalasi anatikhazika pansi kuti timvere zimene tinajambula poyambirira. Inalira nyimbo ina yofatsa, mawu a nkhalamba okandapala, yonena za mkazi amene ankasita malaya a mwamuna wake ngakhale atayambana. Inandigwira pamtima. Ndinafunsa kuti woimbayo ndani, akuimba bwino bambo ameneyu. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Wang'oma anagwa pampando, ati madala ayamba kudzitama chimbale chisanatuluke, chikadzatuluka tidzawapeza kuti! Ine ndinaseka nawo mochedwa. Achemwali, inali nyimbo imene ndinawapekera malemu alamu anu, chaka chimene tinalowa m'nyumba ya njerwa ija. Mawu anga omwe, mkazi wanga yemwe, ine n'kumamvera ngati mlendo. Inabwerera pambuyo pake, pang'onopang'ono, ngati mwendo wochita dzanzi. Koma kodi tsiku limene sidzabwerera?

Kuchipatala ndinapita, musandikalipire. Namwino anandiuza mawu angapo kuti ndiwasunge, n'kuyamba kundicheza zina. Atawafunanso mawu aja ndinamupatsa nthano yonse ya mmene ndinasokera nsapato za wapolisi ziwiri zakumanzere. Odwala anzanga pa benchi anaseka. Iye sanaseke. Anangonena mofatsa kuti ulendo wina ndidzabwere ndi wachibale. Kufatsa kwakeko ndi kumene kunandiopsa kuposa jakisoni.

Anzangawa sindinawauze. Ndikayang'ana Kandevu akupukuta gitala yake ndi mpango, ndimaganiza za ntchito imene anasiya chifukwa cha pakamwa panga. Akadziwa, mwina adzayamba kumvera nyimbo iliyonse ndi chisoni, kusakasaka pamene pali chigamba. Mwina adzangothamangitsa zonse kuti timalize ndisanatheretu. Zonse ziwirizi ndikuziopa. Koma kutseka pakamwa nakonso kwandifikitsa poipa, ndipo imvani mmene zilili tsopano.

Nyimbo ya macheka ndiyo akufuna ikhale yotsegulira chimbale. Vuto n'lakuti pa makina a Amagalasi ilipo ya mathero awiri. Tsiku lina ndinawaolotsa abambo, Apansi n'kuchira, n'kudzabwerera m'dzenje akutsimphina. Tsiku lina ndinaimba kuti thabwa linafika tsidya lina lili lopepuka, abambo n'kukhala pamchenga okhaokha. Zonse ziwiri zinatuluka pakamwa panga mosadodoma. Kandevu akufuna ya imfa, ati ndiyo idzaliza anthu m'mabasi. Wang'oma akufuna ya moyo, ati dziko lili kale ndi maliro okwanira, chimbale choyamba sichiyamba ndi mtembo. Anakangana mpaka tiyi anazizira, kenako onse anatembenukira kwa ine, ati mwini nyimbo ndinu madala, dulani mlandu. Ndinati ndikaganize. Ndinatsika masitepe aja nditagwira khoma ndi manja awiri.

Dzulo ndinalawirira anzanga asanafike, n'kuwapempha Amagalasi kuti nyimbo imeneyi asaitseke kaye. Ndinati kumudzi ndili ndi achemwali anga amene ankavomera abambo akamaimba, ndipo popanda iwo nyimboyi siikwana. Anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, moti ndinayamba kuwerenga zikuto za pakhoma ndi maso.  Anangoti chimbale chikatuluka sichibwezedwa m'mimba, ndiye ndi bwino achemwaliwo abwere, mpando ulipo. Koma anawonjeza kuti a wailesi anapangana nawo kale, mwezi ukubwerawu ukamatha zonse zikhale zitachoka m'manja mwawo. Ndikuganiza kuti mayi amene uja akudziwa. Tsiku la nyimbo ya alamu anu lija, ndikakumbukira bwino, iwo okha sanaseke.

Pempho langa ndi limodzi, Achemwali. Bwerani. Ndikudziwa za mwendo, ndikudziwa kuti basi imakutopetsani, ndiponso masitepe a kuno si a anthu a msinkhu wathu. Wang'oma adzakunyamulani, amanyamula ng'oma zake zonse ulendo umodzi. Tikiti Kandevu wati atumiza kwa mwana wanu wamkulu, ndipo ndi Kandevu yemweyo amene adzakuchingamireni kudepoti, chifukwa ine malo a anthu ambiri ndayamba kuwaopa. Iye akudziwa kuti mukubwera kudzavomera nyimbo, basi. Zinazi ndidzawauza ndekha inu muli pambali panga, pandekha lilime likukana. Mudzakhale kuseri kwa galasi pamene ndingakuoneni. Ndikapotoza mwadala mudzadziwa, mudzandisiye. Koma ndikayamba kumata zigamba mudzakweze dzanja, ndipo ndikadzachita makani kuti ndikulondola, musadzandigonjere. Simunandigonjerepo chibadwire, musadzayambe pano. Tikadzamaliza kumeneko mudzandiperekeze kwa namwino uja.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato zawo zakutchalitchi abwere nazo mwa inu ndidzazione. Moni kwa mwana wanu wamkulu ndi mkazi wake, kwa adzukulu onse, ndi kamtsikana kaja kobadwa kumene kamene sindinakanyamulebe. Moni kwa azakhali aang'ono ngati makutu akuwalolabe kumva moni. Anawo muwauze za chimbale chokha, asangalale. Zinazi zikhale za ife awiri kaye.

Lero m'mawa ndikusamba kumaso ndinaiyambanso nyimbo ija, ndipo mpaka pamtsinje inali yathunthu. Ndinayesa kuisiya nyimbo n'kungowakumbukira Apansi enieniwo. Ndikuwaona, utuchi uli m'mutu, akutigawira nzimbe. Koma sindikudziwa ngati zimenezo zinali chipika chisanawagwere kapena pambuyo pake. Achemwali, kodi Apansi anaoloka amoyo? Musandiyankhe pa foni, mawu ouma ndidzawatayanso. Mudzandiimbire.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Kalongolola