Tsiku Lathu Mabatire Amatha

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene munapitako?

Ndiyambe ndi dzina limene munaliletsa m'nyumba mwanu: Lameki Chisanga. Akadali moyo. Mano anatha, koma utcheyamani wa komboni sanautule, ndipo chimkuzamawu cholengezera maliro chikadali m'kabati mwake. Ndi yemwe uja anakana kulengeza maliro anu chifukwa munalibe khadi la chipani. Tinakuikani anthu ochepa ngati tikukwirira mlendo, inu amene munaphika pa maliro a Chawama yonse. Lero ndakalamba kuposa mmene munalili tsiku lija, koma sindinaiwale.

Zabwino ziliponso. Misozi, mdzukulu wanga, wabereka mwana wamkazi, tamutcha Enelesi, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chenicheni. Repu wa m'dimba lanu chaka chino wachita bwino, mbuzi za eni ake zinangodya mzere wa kumapeto. Khoma la kuseri linagwa ndi mvula, ndatchingapo ndi malata akale.

Chandilembetsa ndi dziwe. Dzenje lija munkaphwanyamo miyala, limene linadzaza madzi, kwabwera kampani ina ikulifuna. Ati amangapo doko la maboti, anthu a kumayadi ndi alendo azikwera, akumwa ndi kujambulana zithunzi. Nyumba za m'mphepete zigwetsedwa, yathunso, pamodzi ndi dimba. Akhonsolo anati anthu avote, Inde kapena Ayi. Tinasonkhana pasukulu n'kupangana malamulo. Chimkuzamawu tizisinthana, lero a Inde, mawa a Ayi. Pasakhale kugawa zitenje. Munthu asatchulidwe dzina. Lameki anaomba m'manja koyambirira.

Koma tsiku lathu ife a Ayi likafika, Amayi, ati mabatire atha. Tinagula athu, ati kiyi wa kabati wapita ndi mkazi wa Lameki ku Matero. Tsiku lawo chimalira mpaka agalu amathawa, ndipo pamsika pali mbwee zitenje zojambulidwa boti.

Zonsezo ndikanapirira. Koma sabata yatha ndili pamzere pampopi, Lameki anaima pamenepo ndi chimkuzamawu n'kutchula Tadeyo. Tadeyo, mwana wanga woyamba, amene munamufunditsa chitenje chanu atamuvuula m'dziwemo. Anati kukanakhala mpanda ndi alonda a kampani, mwana wa Ba Phiri, kutanthauza ine, sakanamira. Anati wovota Ayi akufuna ana ena amirenso. Mzere wonse unanditembenukira. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu a nkhalamba sanafike n'komwe kwa mayi wogulitsa makala. Ndinabwerera ndi chigubu chopanda madzi. Kuyambira tsiku limenelo ndimamuona mwanayo paliponse, kabudula wake uja wa khaki, ndipo chakudya sichitsika.

Inu mukudziwa zoona zake. Titaika Tadeyo, tinapita limodzi kwa Lameki kukapempha kuti komboni isonkhe waya titchinge dziwe. Anatiyankhira pawindo, ati ana aphunzire kumvera makolo awo. Amene anamva zimenezo tinali awiri, ndipo ndatsala ndekha.

Misozi avota Inde. A kampani alonjeza mwamuna wake ntchito ya ulonda, ndipo Misoziyo akuopa tsiku limene Enelesi adzayambe kuyenda dziwe lili lopanda mpanda. Sindikumuda. Nthawi zina ndimakhala m'dimba n'kumaganiza kuti mwina Misozi ndiye akulondola, kuti ine ndikukakamira khoma logwa ndi repu. Anyamata alibe ntchito, zimenezo n'zoona. Koma kodi mpanda umafunika boti kuti uime? Funso limeneli anthu sanalimvepo, chifukwa wolifunsa alibe pofunsira. Munkati Mulungu anatipatsa makutu awiri kuti mlandu uzilowera mbali zonse. Kuno tikavota ndi khutu limodzi.

Sindikupempha kuti a Ayi apambane. Anthu akandimva n'kusankhabe maboti, malata ndidzazula ndekha, sindidzadikira thirakitala. Kupepesa kwa Lameki sindikukufunanso, kunachedwa. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanakutsatireni: andipatse chimkuzamawucho m'manja mwanga, chikulira, tsiku lovota lisanafike. Ndiime pampopi pomwe paja, ndiwauze anthu amene anakana waya. Tadeyo asatchulidwe ndi pakamwa pa Lameki pokha.

Munkanena mukugwetsa nyundo kuti mwala suphwanyika ndi mkwiyo, umaphwanyika ndi kubwereza. Mawa ndi tsiku lathu. Mabatire ali m'thumba la jekete. Ndikakhala pakhonde pa Lameki kuyambira m'mawa, ndipo ndikukulonjezani kuti sindikanyamukapo kabatiyo isanatsegulidwe, ngakhale maondo akane.

Mumugwire dzanja Tadeyo, asayandikire madzi.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,
Sitefano