Nachifuwa wakwera popanda mwala

Amayi, kodi kumeneko mukudzukako bwanji masiku ano?

Kuno tilipo, kungoti thupi langa latopa. Ndikulemba manja ali bii, oyilo walowa m'zikhadabo moti sopo wagonja. Mukanakhalapo mukanandithamangitsa pakhonde kuti ndisakudetsereni mphasa.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Manachesi a kuseri kwa nyumba anabereka bwino, koma ogula anachedwa chifukwa cha msewu, ambiri anaolera pansi. Mbuzi yanu ya mawanga inaswa ana awiri, mmodzi fisi anatenga. Mdzukulu wanu Tamanda wayamba sukulu, ndipo akabwerako amatiphunzitsa tonse ngati ife sitinapondeko. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja. Ndikudziwa kuti ndinalonjeza kufolera, musandiyang'ane choncho.

Koma chandilembetsa ndi Nachifuwa, kagalimoto kathu kaja munakapatsa dzina chifukwa chotsokomola m'mawa uliwonse. Mukukumbuka chikweza cha kutsidya kwa mtsinje, popita ku Boma? Nachifuwa sankachikwera kamodzi. Ankafika pakati mpweya n'kumuthera, ndipo handibuleki yake inali ya dzina chabe. Inu munkatsika msanga ndi mwala wanu uja n'kuupanira kuseri kwa tayala kuti tisabwerere mumtsinje chambuyo. Ndikaliza injini n'kusuntha, munkautola n'kumanditsatira wapansi, chitenje mutakwinyira m'chiuno. Munkati, "Iwe gwira chiwongolero, za kumbuyo undisiyire ine." Ulendo wonse mwalawo unkakhala pamiyendo panu, ndipo wofuna kuutaya ankawamva mawu anu.

Tsiku lomwe ndinakutengerani kuchipatala komaliza, Nachifuwa anazimanso pomwepo. Munayesa kutsegula chitseko, mphamvu munalibe. Ndinakhala nditaponda buleki mpaka kunatulukira anthu ochokera kumunda amene anatikankha. Za kuchedwako sindilemba, mukuzidziwa. Zimandipwetekabe mpaka lero.

Ndiye mpongozi wanu, amake Tamanda, atakhala oyembekezera, anamwino a ku Nsambe ananena kuti poti Tamanda anabadwa ndi opaleshoni, ulendo uno akachirire ku Boma basi. Ndinamuyang'ana Nachifuwa, ndinaganiza chikweza chija, mvula nayo inali pafupi. Mantha anandigwira. Ndalama zonse za mbatata ya kachewere ya chaka chino zathera pa injini ina, yochokera m'galimoto yokulirapo imene inagubuduzika ku Blantyre.

A Kamwendo, makanika wa pa Boma, anabwera kudzagwirira ntchitoyo pakhomo pano. Injini yakale tinaikweza ndi tcheni pamtengo wa mango uja. Tisanagule inayo tinali titayeza ndi chingwe, m'litali ndi m'lifupi, zonse zinagwirizana. Msinkhu tonse awiri tinauiwala. Titaitsitsiramo, mutu wake unatsala panja, boneti osatsekeka. A Kamwendo anayang'ana ine, ine ndinayang'ana iwo, palibe anaseka. Anachita kuimenya boneti ndi hamala mpaka inamera linunda ngati la ng'ombe. Zogwirira injini sizinakumane ndi mabowo akale, ndinachita kunyamula zitsulo pa njinga kukawotcherera ku Boma. Tikamanga ichi, icho chinkakana. Giyabokosi inavuta, mawaya anasokonekera, kenako madzi anayamba kuwira chifukwa lediyeta inachepa. Masabata anatha ndili chagada pansi pa galimoto, msana ukulira, anthu odutsa akundilangiza kuti ndingomugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Kunena zoona, masiku ena ndinkagwirizana nawo.

Injini italira tinapangana kuti tikamuyese kaye pachikweza, kenako amake Tamanda apite kukadikirira ku Boma. Mwana wa m'mimbayo za mapangano athu analibe nazo ntchito. Matenda anayamba m'mawa wina mvula ikuwaza, injiniyo isanakwerepo ndi chulu chomwe. Achemwali a mpongozi wanuyo anali ku maliro ku Ligowe, ndipo inu, amene mukanakhala nawo kumbuyo, kulibe. Tamanda tinamusiya kwa anansi, tinanyamuka awiriwiri.

Titawoloka mtsinje ndinamva amake Tamanda akufufuza pansi pa mpando. Pocheuka ndinaona atafukata mwala wanu, thukuta lili kamukamu, dzanja lina lili kale pachitseko. Anati, "Akazima musachite mantha, ine nditsika."

Amayi, sanazime. Ndinaika giya yachiwiri, Nachifuwa anabangula ndi mawu achilendo, matayala akumwaza matope. Tinadutsa pamalo panu paja munkatsikira, tinadutsa pomwe anthu aja anatikankha, mpaka pamwamba. Ndinkayesa kuti ndisangalala. M'malo mwake misozi inangotsika, ndikuganiza kuti injini imeneyi ikanabwera kale, mwina kalata ino sindikanalemba.

Mpongozi wanu anachira bwino, ndi mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu, ndipo akayamba kulira ngakhale anansi amavomereza kuti mawuwo akuwadziwa.

Nachifuwa satsokomolanso, dzina lokha ndilo latsala. Mukamva galimoto ya mawu aakulu ikudutsa kufupi ndi manda, musadabwe, ndife. A Kamwendo akuti mwalawo nditaye, ukungodzaza malo. Ndawayankha kuti za injini alamule iwo, koma mwala ndi wa amayi anga. Mvula ikakata ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzautenga ndidzauike kumutu kwanu. Za kumbuyo munagwira mokwanira, tsopano pumulani.

Ndimakukondani, Amayi. Denga lija nalo ndifolera, ndingopumako pang'ono.

Ine mwana wanu,
Lameki