Yisiti ya m'botolo lotseka

4 Ogasiti 1997
Kusikelo lero. Anesi amupima mwana wanga Virginia mutu, kenaka mikono ndi tepi, abwerezanso. Aitana adokotala. Akuti mwana ali bwino, adzayenda, adzaphunzira, koma adzakhala wamfupi moyo wake wonse. Mafupa a mikono ndi miyendo sadzatalika. Mankhwala palibe. Pobwera sindinaone njira. Mabanzi a mawa sindinakande.

6 Ogasiti
Ndauza amuna anga a Meshack. Anyamuka, apita kwa amayi awo. Masana apongozi abwera, amuvula mwana kadiresi, amutembenuza uku ndi uku ngati nkhuku ya pamsika. "Kwathu kulibe wotere. Kwanu aliko?" Kwathunso kulibe. Ndiye akuti wachokera kuti. Atchula a Jeremiah, amfupi aja okonza njinga kumsika, poti tebulo langa la mabanzi lili pafupi ndi iwo. Mulungu wanga. Munthu amene ndimangomupatsa moni!

11 Ogasiti
Alongo anga a Hosea adutsa, akuchokera kumaliro ku Chikwa. Ndinawalirira mpaka malaya awo kunyowa. Iwo amathandiza mphunzitsi wina wofufuza pasukulu yayikulu ku Lusaka. Ndimati ntchito yawo ndi ya mankhwala, kani ndi yisiti, yomweyi ya mabanzi. Akuti ndi tizamoyo, timabereka. Amatiika m'kambale kotseka, n'kutimana chakudya china, ndiye timaleka kubereka, timangokhala. Pakapita masiku tina timapezeka tasintha m'kati, mu chija chimene kholo limapatsira mwana. M'kambale simunalowe kanthu. Chimene akufuna kudziwa ndi m'mene zimachitikira.
Ndinafunsa, nanga munthu? Anati mbewu ya munthu nayo nthawi zina imasintha yokha, ya mwamuna kapena ya mkazi, popanda wolakwa. "Koma yisiti si munthu, mlongo, usakafotokoze mosokoneza."
Ndinawapempha akhale, akawauze a Meshack okha. Galimoto ya ku Lundazi inali itadzaza kale. Apita.

12 Ogasiti
Popanda wolakwa. Mawu amenewa ndadzuka nawo.
Mlandu auika kumapeto kwa mwezi, pamaso pa ankhoswe. Pakamwa panga sadzakhulupirira, ine wa giredi sikisi. Manje ndaganiza, aone ndi maso. Ndatsuka botolo la mafuta odzola, ndathiramo yisiti ndi madzi, shuga ayi. Ndatseka, ndamanga ndi mphira. Pansi pa bedi. Ikasintha ndidzati onani, ndani walowamo?

17 Ogasiti
Botolo chimodzimodzi. Madzi otuwa, zoyera pansi. Kapena ndalakwitsa madzi.
A Meshack akugona kwa amayi awo. Ufa wa mabanzi watha, kumsika sindingapite, azimayi amasiya nkhani ndikafika. A Jeremiah asamutsa njinga zawo, apita kuseri kwa chigayo, akuti akazi awo akulira.
Virginia wamera dzino. Palibe womuuza.

23 Ogasiti
Sintha, chonde. Ndikuchonderera botolo ngati munthu. Ndaliunika padzuwa, palibe. A Hosea anati amaonera pa makina, koma ndimati pang'ono pokha zidzaoneka.

26 Ogasiti
Alipeza. A Meshack anabwera kudzatenga nsapato zawo, dzanja linakhudza botolo. Sanandifunse. Analinyamula ndi kansalu, osafuna kuligwira, mpaka kwa amayi awo. Manje mudzi wonse ukuti ndinasunga mankhwala otseka mwamuna pakamwa. Kodi sadziwa fungo la yisiti, iwo amene ankadya mabanzi anga akadali otentha?

30 Ogasiti
Mlandu. Botolo pakati pa mphasa. Ndinafotokoza zonse za a Hosea, ndinasokoneza, ndinayambiranso. Apongozi anati, "Ndiye mdzukulu wanga ndi banzi?" Anthu anaseka. Ankhoswe anga omwe anayang'ana pansi. Ndinati tiyeni kuchipatala, adokotala anene. Akuti adokotala amapima mafupa, sapima amene analowa m'nyumba.
Ankhoswe anafunsa a Meshack. Ndinawayang'ana, mwana ali pamiyendo panga akuwasekerera. Anati, "Za mwana ndikanapirira. Koma botolo."
Ndiye ndine ndadziphera banja, ndi manja angawa.
Agamula ndibwerere kwa amayi ku Chifunda. Mwana ndipite naye, si wawo.

2 Seputembala, Chifunda
Tafika. Fumbi m'maso, mwana akutsokomola.
Dzulo a Meshack anatinyamulira chikwama mpaka pa lole. Ndinati mwina asintha maganizo. Anaimirira pafupi. Virginia anatambasula timikono kuti amunyamule. Timikonoto sitinafike. Iwo sanawerame. Ndinasendera ine, ndinamukweza mpaka anagwira kolala ya malaya awo, anagwiritsa, akuti ta-ta-ta. Adalaivala akuliza hutala. Mumtima ndinati ine sindimuchotsa dzanja, achotse okha ngati angathe.
Anachotsa. Kachala kamodzikamodzi, mosamala, kuopa kumupweteka.