Bwererani Adzakuchotseni Ng'alayo, Ababa

Kabwata, Lusaka
14 Juni 1982

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Chipata. Wina akuwerengereni pang'onopang'ono kalatayi, poti maso anuwo ndikuwadziwa. Dokotala akuti tsiku lochotsa ng'ala likadali lomwe lija, Lachinayi la sabata yamawa. Akuti mukaphonya, diso lamanzerelo lipita ndithu.

Ababa, manyazi andigwira, ngakhale kumsika ndikuyenda chozolika. Loweruka lija Akatolika anzanga a mphakati atasonkhana pakhonde pathu, ine mtima unali utatentha kale ndi mphekesera yakuti boma lichotsa phunziro la Mulungu m'masukulu. Amuna anga a Edmond, apongozi anu, monga munthu wa mu ofesi, anati boma lisakhale la mpingo uliwonse, lisunge onse mofanana. Ine ndiye ndinalusa! Ndinati dziko lino lilamulidwe ndi mtanda basi. Ba Chilufya, oyandikana nafe aja, anafunsa kuti, "Nanga amene si Akhristu, ba Regina?" Ndipo kamwa langali linayankha kuti, "Amenewo ndi alendo, azikhala chete tikamalankhula eni dziko." Anthu anaomba m'manja, ine n'kumadzimva.

Ndinaiwala kuti kuseri kwa katani munali inu, mutayala mkeka wanu kuti muswali. Inu amene munandilola kubatizidwa pamene abale anu onse kumzikiti ankakunenani. Inu amene munkandiperekeza pa njinga mpaka pageti la tchalitchi, n'kumandidikira panja padzuwa mutavala kofia yanu.

Za sukuluzo maganizo anga sanasinthe, ndisakunamizeni, ndikufuna ana anga aphunzire za Mulungu. Koma boma limene ndinalifuula tsiku lija likanayamba ndi inu kukukhazikani chete, ndipo ine sindinaone zimenezo mpaka m'mawa mwake ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Munakana kuti ndikunyamulireni chikwama. Pokwera basi munati, "Zikomo, mayi Regina, pondisunga m'dziko lanu." Chibadwire changa simunanditchulepo dzina langa la ubatizo limenelo, ngakhale tsiku la ukwati wanga. Bola mukanandimenya mbama pamaso pa makondakitala onse aja.

Mdzukulu wanu Helen akungofunsa kuti agogo athawa chiyani. Ndimuuze chiyani ine?

Chonde bwererani, Ababa. Ngati nkhope yanga simukuifuna, a Edmond adzakulandirani ndi kukuperekezani kuchipatala, ine ndikakhala kwa ba Chilufya mpaka mutachira. Musataye diso chifukwa cha pakamwa panga.

Mundiperekere moni kwa Amayi ndi kwa a shehe. Mkeka wanu munauiwala. Ukadali pomwe munauyala, kuyang'ana kumene mumayang'ana, ndipo ndaletsa ana kuupinda.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu