Phaso Langa pa Denga la Teodoro

Meluluka, Novembala 1961

Mwana wanga Muhidini,

Salamu zikupeze kumeneko ku Beira, iwe ndi mkazi wako Shemsa. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno ine ndili bwino, Mulungu akutisunga. Za amako ndinena pansipa, usathamange mtima. Amene akuyankhula ndine bambo wako, koma cholembera chili m'manja mwa amalume ako a Issufo, ndipo andichenjeza kale kuti pepala si mphasa yoti ndizitambasula miyendo. Ndawayankha kuti alembe basi.

Ukukumbukira chaka chatha unanditumizira mawu kuti ndakalamba, ndisakwerenso padenga, ntchito yokonza nyumba ndimupatse mnzako Teodoro, kalipentala uja munkasewera naye? Ndinakumvera. Nyumba iyi ndakhala ndikuikonza ndekha kuyambira usanabadwe, amako akundiponyera udzu kuchokera pansi, koma ndinati mwana wanena, ndisamuchititse manyazi.

Iwe ukudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Mtengo wa denga sudulidwa lero n'kukwera mawa. Umadula mwezi uli mumdima, umasenda khungwa, umaumangirira miyala n'kuumiza m'nyanja kuseri kwa bango. Ukhale mmenemo miyezi itatu, madzi atsuke kutsekemera kwake kuti tizilombo toboola mitengo tisaukonde. Ine ndinali nditamiza kale mapaso khumi ndi awiri ndi mtanda umodzi waukulu. Mtengo uliwonse ndinauzokota chizindikiro changa, mchira wa nsomba, chomwe chija chili pabwato langa.

Teodoro anabwera ndi sowo, ndi hamala, ndi pensulo kukhutu. Anati aliyense azimutchula mesitiri, ndiye kuti mmisiri wamkulu pa Chipwitikizi. Nditavuula mitengo yanga anagwira mphuno, nati yaola, ikununkha ngati matope, zimenezi n'zachikale, nyumba za azungu ku Metangula samangira zinthu zotola m'madzi. Anandiuza kuti ndiisiye pagombe pomwepo, amene akufuna nkhuni atole. Anthu anaseka. Inenso ndinasekako pang'ono, mwamanyazi, pakhomo panga pomwe.

Iye anakadula mitengo yaiwisi kuphiri, ya khungwa lake, n'kuikhoma ndi misomali masiku atatu okha. Luzi analikana, ati misomali ndiyo chizungu. Denga linaoneka bwino, sindinama. Amako mpaka anamuphikira chambo. Patapita masiku ndinapita kugombe, mitengo yanga kunalibe, ndinangoti akazi atola nkhuni.

Chilimwe chino tinayamba kuona ufa woyera ukugwera pamphasa. Ukakhala chete masana umamva ntheche, ntheche, m'mitengo. Ndinatuma mawu kwa Teodoro kawiri. Anayankha kuti nyumba yatsopano imalankhula, nkhalamba isamachite mantha.

Tsopano imva. Lachiwiri la sabata yathayo, dzuwa lili pamutu, amako anali m'nyumba akusefa ufa wa kondowole. Mtanda unathyoka pakati. Unawagwera m'chiuno. Ine ndinali kugombe ndikusoka khoka, ndinangomva kukuwa kwa anansi. Tinawanyamula pabwato mpaka kuchipatala ku Msumba. Ali moyo, alhamdulillahi, akudya, akundinyoza monga mwa masiku onse. Koma asisitere anena kuti fupa lasweka, ndipo akadzayenda adzayendera ndodo. Amako Kuluthumu, mkazi amene ankasenza mtsuko kuchokera kunyanja osagwira ndi dzanja.

Nditabwerako ndinatenga chidutswa cha mtanda uja. Ndinachifinya ndi chala, chala chinalowa ngati mu mbatata yophika. Ndinachiika m'thumba n'kupita kwa Teodoro kuti akachione ndi maso ake.

Anandilandira bwino, nati pepani atate, tilowe m'nyumba kunja kwatentha. Inali nyumba yake yatsopano, imene anamangira mkazi wake Alzira. Anayamba kundiuza kuti zimenezi ndi tsoka chabe, mitengo ya chaka chino ndi yoipa konsekonse. Ine pofuna kubweza misozi ndinakweza maso kumwamba.

Muhidini, ndinaona mchira wa nsomba.

Ndinayang'ana phaso lina, mchira wa nsomba. Linanso, chimodzimodzi. Mtanda wanga uli pakati, wakuda bii, wolimba ngati chitsulo. Ndipo panalibe msomali ndi umodzi womwe. Zonse anamanga ndi luzi, mfundo zake zabwino ngati za agogo ako. Ndiye kuti munthuyu ankadziwa. Pogwira mphuno paja ankadziwa. Anandipusitsa pamaso pa anthu kuti atole mitengo yanga, n'kuika amako pansi pa msampha.

Ndinamwa madzi amene anandipatsa, ndinathokoza, ndinatuluka.

A Issufo akuti gawo lotsatirali tisalembe. Lembani, alamu, munalipo ndinu.

Lachisanu titatuluka mumzikiti ndinafotokozera abale a amako. Loweruka m'mawa, Teodoro atapita kukakhoma zitseko kuposito, ku ofesi ya boma, tinafika pakhomo pake amuna asanu ndi mmodzi. Alzira alibe mlandu, choncho tinamupempha mwaulemu kuti atuluke. Tinamutulutsira katundu yense, miphika, bedi, mtanda wawo wopempherera, tinaika pamthunzi wa mango osaswa ngakhale kapu. Udzu tinausasula n'kuuunjika bwinobwino, poti ndi wawo. Kenako ndinakwera ine ndemwe, nkhalamba imene unati isakwerenso padenga, ndi mpeni wanga wotumbulira nsomba. Ndinadula luzi mfundo imodzi imodzi. Phaso lililonse likamatsika ndinkalitembenuza kuti anthu amene anasonkhana aone chizindikiro.

Teodoro anabwera akuthamanga, pensulo ili kukhutu. Anakuwa kuti akatiitanira asipayo, apolisi a boma, tikalawa mbalamatodya, thabwa lawo lomenyera m'manja. Ndinamuyankha ndili pamwamba pa khoma lake.

“Pita ukawaitane, mesitiri. Ukawauzenso kuti mchira wa nsomba uwu unasambira bwanji kuchoka kugombe kufika padenga lako.”

Sanapite. Anakhala pansi pa mango, pakati pa miphika ya mkazi wake.

Sindinamusiye chimanjamanja ayi, ine si wakuba. Tinamubweretsera mitengo yake yonse ija yofumbwa, ndi misomali yake, ndi mtanda womwe unathyola amako, zidutswa zonse ziwiri. Tinazitula pakhomo pake. Ndinati amangire chizungu.

Tsopano chimene ndakulemberera ndi ichi. Teodoro amadziwa kulemba, ndipo kalata yake mwina ikupeza isanafike yangayi. Adzati bambo ako apenga, andisiya pamtetete mvula ili pafupi. Usamupepese. Usamutumizire ngakhale ndudu. Ndikadzamva kuti wapepesa m'dzina langa, ndidzadziwa kuti chiuno cha amako n'chopepuka kwa iwe kuposa ubwenzi wanu. Amwalimu a kumzikiti andiuza kale kuti mkwiyo ndi moto, ndikhululuke. Ndati ndamva, ndidzakhululuka tsiku limene Kuluthumu adzataye ndodo.

Ndipo usanditumizirenso mmisiri wina. Mapaso ndamanga kale asanu ndi atatu, ndi luzi langa. Amako akatuluka kuchipatala adzagona pansi pa denga la manja anga. Ngati ukufuna kuthandiza, pempha tchuthi ubwere, udzaime pansi pomwe ankaima amako, uzindiponyera udzu. Ndidzakuonetsanso pomizira mitengo, poti sindinakuphunzitse, ndipo kulakwa kumeneko n'kwanga.

Mitambo yayamba kuda kumapiri a ku Maniamba. Ndikakwera padenga langa ndimaona makoma a Teodoro ali yasaa kuyang'ana kumwamba. Akuti dzulo anamuona kuseri kwa bango, madzi ali m'chiuno, akumangirira miyala kumitengo. Amize bwino. Miyezi yake ndi itatu, ndipo mvula sidikira mesitiri.

Undiperekere moni kwa Shemsa, ndi kwa a Gaspar amene amakuwerengera makalata achipwitikizi. Amako akuti uziphimba chifuwa. Mulungu akutsegulire njira yobwerera kwanu, akusunge pantchito yako ya njanji.

Ndine bambo wako,
Chabane Sudi
(chala changa ndi ichi pambalipa)