Mng'alu wa Belu la ku Amereka

Lolemba, 4 Ogasiti 1952

Mwera wadzaoneni. Fumbi m'kalasi, fumbi m'mano. Kalata yochokera kwa Bwana wa ku misoni: pa 15 kukubwera Dona wa ku Amereka, wa mpingo umene umatitumizira masileti. Ana amuonetse kuti dziko lake akulidziwa. M'envulopu zithunzi zinayi: mbendera, mbalame, mayi wonyamula muuni, belu. Mawu ofotokoza palibe.

Pansi pa kalatayo mzere umene wandilanda njala. Chaka chino malo a maphunziro a uphunzitsi ndi amodzi okha. Ine kapena Samueli wa ku Khombedza. Amene ana ake akondweretse Dona ndiye apita. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuphunzitsa wopanda setifiketi. Lero ndine Mose katswiri wa za Amereka, munthu amene ngakhale ku Blantyre sanapondeko.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Mbalame. Ndisanatsegule pakamwa, ana onse pamodzi: nkhwazi. Mutu woyera, mlomo wokhota, ndikanatsutsa bwanji? Tausi, mwana wa Che Saidi okhoma ndowa aja, wafunsa chifukwa chimene dziko lalikulu lasankhira mbalame yolanda nsomba za anzake. Ndamuuza kuti nkhwazi za kumeneko n'zaulemu, zimayamba zapempha. Wangondiyang'ana. Bodza loyamba, ndipo lero ndi Lachiwiri chabe.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Nyenyezi za pa mbendera, 48. Tawerenga ndi timiyala. Ine ndapeza 47 kawiri konse, mwamwayi palibe waona. Za mayi wa muuni ana agwirizana okha kuti akuunikira usipa, mwamuna wake ali m'bwato. Ndawasiya. Zanga sizikanaposa pamenepo.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Belu. Ndaliyang'anitsitsa padzuwa. N'long'aluka, kuchokera kukamwa mpaka pamimba. Ndimayesa kuti pepala lapindika, ndapukuta ndi malovu, mng'alu uli pomwepo. Anthu a ndege ndi magalimoto, koma belu la dziko lawo lili chonchi. Wojambulayo analibe chisoni. Kaya anatumiza osaona.

Kwathu kuno mlendo akafika ndi malaya ong'ambika kumsana sumuuza pagulu, umangoima kumbuyo kwake anthu asaone. Ndajambula belu pabolodi, lathunthu, losalala, theka la choko lathera pomwepo. Chithunzi ndabisa m'Baibulo. Vuto, ana anali ataona kale. Ndawalumbiritsa ndodo ili m'manja: wotchula mng'alu pamaso pa Dona aona zakuda.

Mkazi wanga Gladys akuti, "Ulemu ndi umenewo, bambo." Ndayenda tsiku lonse chifuwa patsogolo.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Akuti Samueli akulowezetsa ana ake nyimbo ya Chingerezi imene mwini wake sakuimva. Ndaseka mpaka kutsokomola. Anga akudziwa zinthu, akudziwanso kusunga pakamwa. Ndamumvera chisoni mnzangayo.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Alendo afika, Dona ndi Bwana.

Dona wamtali, nsapato zachimuna, mano panja nthawi zonse. Mbendera, bwino. Mbalame, bwino, Tausi anadzigwira. Kenaka Dona anaima pabolodi. Kuyang'ana belu langa, kuyang'ana ine. Anafunsa ana, Bwana akumasulira: belu ili lili ndi chiyani chimene mabelu ena alibe?

Zii. Ana makumi atatu ndi awiri, maso pansi. Anafunsanso, akujambula mzere wokhotakhota m'malere ndi chala. Onse akudziwa. Onse akuba maso kuyang'ana ndodo yanga patebulo. Ndinawaphunzitsa bwino mopitirira.

Bwana m'Chinyanja chake chachizungu: "Mose, ana awa sunawaphunzitse?" Ndinati ndinawaphunzitsa, koma mng'aluwo tinaukonza kuti Dona asachite manyazi.

Asanamasulire, pakhomo odi. Che Saidi. Mkanjo woyera, kofia, thumba la zida paphewa. Tausi sanatchule mng'alu pamaso pa Dona, n'zoona. Anakautchula kunyumba. Mkuluyo anapereka salamu, nati wamva za tsoka limene linagwera dziko la mlendo, pepani kwambiri. Belulo alikweze sitima, litsikire pa Chipoka, iye alimata ndi mtovu mwaulere, inshallah lidzalira ngati latsopano.

Bwana anamasulira zonse, nkhope itafiira ngati phwetekere. Dona anaseka mpaka kukhala pa benchi ya ana, misozi mbwe. Akuti mng'aluwo ndiwo ulemerero wa belulo, anthu amayenda maulendo ataliatali kukauona, ndipo woumata akhoza kumangidwa. Ndani akanalota zimenezo? Dziko lonyadira chinthu chosweka.

Che Saidi, Dona anawagwira chanza kawiri. Ine anandisisita paphewa, monga timachitira ndi mwana amene wagwa yekha popanda chomupunthwitsa.

Loweruka, 16 Ogasiti

Gladys ndangomuuza kuti Dona anaseka kwambiri. Si bodza.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Kalata. Wopita ndi Samueli, ndi nyimbo yake ija. Bwana wawonjezera pansi ndi dzanja lake kuti Dona akuti sukulu yanga sadzaiiwala. Zikomo kwambiri. Zandiwawa, ndisabise. Ndinakhala kuseri kwa kalasi mpaka ana kuyamba kumenyana.

Gladys atamva kuti Dona anaseka, anayesa ndapambana, anasinthitsa nkhuku zake ziwiri ndi nsalu, wandisokera malaya opitira ku maphunziro. Apongozi ayenda wapansi kuchokera kumudzi kudzanditsanzika. Ali pakhonde onse awiri, akusokerera mabatani, akuti ndituluke ndiyese. Ndayankha kuti ndikumaliza kulemba.

Cholemba ndilibenso. Akuitananso.